Kubadwa mwatsopano

Kubadwa mwatsopano, kapena kubadwanso, ndi chiphunzitso cha Chikhristu chakuti Mulungu amapatsa munthu wochimwa moyo watsopano wauzimu kudzera mwa Mzimu Woyera, ndipo munthuyo amasanduka mwana wa Mulungu. Chiphunzitsochi chimayendera limodzi ndi nkhani ya chipulumutso, kutanthauza kuomboledwa ku uchimo ndi chilango chake chifukwa cha imfa ndi kuuka kwa Yesu Khristu. Mipingo ikuluikulu yonse imavomereza kuti kubadwaku ndi ntchito ya Mulungu, koma imasiyana maganizo pa nthawi imene kumachitika ndi njira yake.

Magwero ake m'Baibulo

Nkhaniyi imachokera makamaka pa Yohane 3. Nikodemo, Mfarisi yemwenso anali mmodzi wa akuluakulu a Ayuda, anapita kwa Yesu usiku, ndipo Yesu anamuuza kuti wolowa mu Ufumu wa Mulungu ayenera kubadwa kachiwiri, mwa madzi ndi Mzimu. Liwu la Chigiriki limene lili pa ndimeyi, anothen, lili ndi matanthauzo awiri: "kachiwiri" ndi "kuchokera kumwamba". Nikodemo anamva tanthauzo loyamba lokha, n'chifukwa chake anadabwa kuti nkhalamba ingabwerere bwanji m'mimba mwa amayi ake.

Ndime zina zimene akatswiri a Baibulo amatchula ndi Ezekieli 36:25-27, yonena za mtima watsopano, 2 Akorinto 5:17, 1 Petro 1:23 ndi Tito 3:5, imene imalumikiza kubadwanso ndi kusambitsidwa.

Mipingo yogwirizanitsa kubadwanso ndi ubatizo

Akhristu oyambirira ankaona kuti madzi otchulidwa pa Yohane 3 ndi a ubatizo. Justin Martyr, amene ankalemba ku Roma cha m'ma 150, anafotokoza ubatizo motero. Mpaka lero Akatolika, a Orthodox ndi a Lutheran amaphunzitsa kuti munthu amabadwa mwatsopano pobatizidwa, ngakhale ali khanda, ndipo buku la mapemphero la Anglican la 1662 limanenanso chimodzimodzi. Mipingo imeneyi imati wobatizidwayo ayenera kukula m'chikhulupiriro ndi kulapa nthawi zonse akachimwa.

Mipingo yotsindika kutembenuka mtima

M'chaka cha 1525, gulu la Akhristu a ku Zürich, m'dziko la Switzerland, linakana ubatizo wa makanda n'kuyamba kubatizana ali akuluakulu, ponena kuti munthu ayambe wakhulupirira yekha. Anthu anawatcha a Anabaptist, kutanthauza obatizanso. Akuluakulu a mzindawo anaona zimenezi ngati mlandu waukulu, moti mu 1527 anapha mmodzi wa atsogoleri a gululo, Felix Manz, pomumiza mu mtsinje wa Limmat.

Masiku ano a Baptist, a Pentekoste ndi mipingo yambiri ya chievanjeliko amati munthu amabadwa mwatsopano pamene walapa ndi kulandira Yesu, ndipo ubatizo ndi umboni chabe wa zimene zachitika kale mumtima. John Wesley, amene anayambitsa gulu la Methodist, anathandiza kufalitsa maganizo otsindika kutembenuka mtima. Iye analemba kuti anatsimikiza za chipulumutso chake pa msonkhano wa mapemphero mu msewu wa Aldersgate ku London pa 24 May 1738. Wesley ankasiyanitsa kulungamitsidwa, kumene ndi kukhululukidwa machimo, ndi kubadwanso, kumene ndi kusinthika kwa mtima, ngakhale ankati ziwirizi zimachitikira pamodzi.

Chisomo ndi ufulu wa munthu

Mkangano wina ndi wakuti munthu ali ndi gawo lanji pa chipulumutso chake. Otsatira chiphunzitso cha John Calvin amati wochimwa ali ngati wakufa, choncho Mulungu amayamba wamupatsa moyo kuti athe kukhulupirira, ndipo wobadwadi mwatsopano sangatayike. Sinodi ya ku Dort, m'dziko la Netherlands, inatsimikiza maganizo amenewa mu 1618 ndi 1619 potsutsa ophunzira a Jacobus Arminius, amene ankati munthu angathe kukana chisomo. Akatolika ndi a Methodist amaphunzitsa kuti wokhulupirira akhoza kutaya chisomo. Pa 31 October 1999, ku Augsburg m'dziko la Germany, Akatolika ndi a Lutheran anasaina chikalata chovomerezana kuti munthu amapulumutsidwa mwa chisomo chokha, osati chifukwa cha kuyenera kwake.

Kufala kwa dzinali

Dzina lakuti "obadwa mwatsopano" linatchuka kwambiri ku America mu 1976, pamene Jimmy Carter anadzitchula motero pa nthawi imene ankapikisana pa mpando wa pulezidenti. Ku Malawi linamveka kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene alaliki achinyamata mumzinda wa Blantyre ankachititsa misonkhano ya chitsitsimutso yodzudzula mowa, chiwerewere, ufiti ndi zithumwa. Popeza ena mwa otembenuka mtima pa misonkhano yotere anali atabatizidwa kale ali makanda, funso la kubatizidwanso limabweretsabe kusiyana maganizo pakati pa mipingo ndiponso m'mabanja.