Dzina la Wiese ndi Dziko la Mpezeni

Ku Jeremani maina ambiri a mabanja anachokera ku malo amene makolo anamangako, monga mfunda wa Phiri unena za phiri. Dzina lakuti Wiese litanthauza dambo la msipu, longa madambo amene ana a ku Mayani adyetsako ng'ombe. Mphunzitsi achenjere politchula, pakuti eni ake amati "Vize".

Kuno dzinali n'losowa, koma munthu mmodzi analimveketsa. Carl Wiese, wamalonda a minyanga wodzera ku Tete, anapalana ubwenzi ndi Mpezeni, mfumu ya Angoni a ku dera la Chipata, ndipo m'chaka cha 1891 analandira kalata yomuloleza kufuna miyala ya mtengo wapatali m'dzikomo. Mpezeni anayesa kuti wapeza bwenzi lomutchinjiriza kwa Angerezi, osadziwa kuti kalata imagulitsika monga mbuzi. Tsono mu 1895 inagwera m'manja mwa North Charterland Exploration Company. Mu 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland anathira Angoni nkhondo. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa.