Dzuwa la ku Tete ndi mtsinje umene unasiya kutsata nyengo

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, mwana wa ku Angónia akamva dzina la Tete amayamba waganiza za kutentha, ndipo salakwa. Mzindawu uli pansi m'cigwa ca Zambezi, mamita osafika 200 kucokera pa mlingo wa nyanja, pamene Ulónguè ili pamwamba kupitirira mamita 1000. Mphepo ya kunyanja ya mcere ikamafika kumeneku imakhala itauma kale. Mu Outubro ndi Novembro kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mvula ya caka conse ndi mamilimita 650 kapena kucepera, yambiri yake imagwa kuyambira Dezembro mpaka Março. N'cifukwa cake dzikoli ndi la malambe, masawu, mbuzi, mapira ndi mcewere.

Ine ndikamaphunzitsa mbiri ya mzindawu ndimayambira pa nyengo, cifukwa kwa zaka mazanamazana zocitika zazikulu za kuno zinkadikira kuti mtsinje udzaze kapena uphwe. M'dzinja Zambezi ankasefukira n'kusiya dothi lacondelo m'mbali mwake ndi pazilumba. Madzi akabwerera m'masika, anthu ankabzala m'madimba, n'kumadya ndiwo zamasamba ngakhale m'cilimwe, kumtunda kutauma gwa. Amalonda aciswahili, ndi Apwitikizi amene anakhazikika pa Tete m'zaka za m'ma 1530, anapeza moyo wotere ulipo kale.

Apaulendo nawonso ankawerenga nyengo. Francisco de Lacerda ananyamuka pa Tete mu Julho 1798 kupita kwa Kazembe. Monteiro ndi Gamitto ananyamuka mu Junho 1831, n'kudutsa m'dziko la Amaravi ndi Acewa. Onsewa anasankha miyezi ya cisanu, pamene mwera ukuwomba, mitsinje ing'onoing'ono yaphwa, ndipo amtengatenga angathe kuyenda tsiku lonse osakomoka ndi dzuwa. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi ca ku Zumbo mu Novembro 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Umenewu ndi mwezi umene mtsinje unkakhala wotsikitsitsa. David Livingstone, amene anafika koyamba pa Tete mu Março 1856, anakaona mathithi a Cahora Bassa mu Novembro 1858 madzi atatsika, miyala yonse ili poyera, ndipo anaona kuti sitima yake singadutsepo.

Mvula ikakana, cigwa conse cinkagwedezeka. Cilala cimene cinayamba m'zaka za m'ma 1820 n'kufika kumayambiriro kwa m'ma 1830 cinabwera pamodzi ndi dzombe. Minda ikuluikulu ya Apwitikizi, imene ankaicula prazo, inasiyidwa yambiri, Acikunda amene ankailondera anabalalika kukasaka cakudya, ndipo anthu ambiri anagulitsidwa ukapolo kudzera ku Quelimane. Mwana akafunsa cifukwa cimene mphamvu za eni prazo zinagwera pa nthawi imeneyo, yankho lake lisamangokhala nkhondo. Njala inali itawafoola kale.

Zinthu zinasintha mtsinje utamangidwa. Damu la Kariba linatha mu 1959, ndipo la Cahora Bassa, limene nchito yake inayamba mu 1969, linatseka mtsinje kumapeto kwa 1974. Kuyambira pamenepo madzi odutsa pansi pa mlatho wa Samora Machel akhala akutsata kufunika kwa magetsi kuposa mvula. Kusefukira kwa caka ndi caka kunacepa, dothi lacondelo limatsalira m'nyanja ya damu, ndipo m'cilimwe mtsinje sutsika monga kale. Alimi a m'madimba anataya cizindikiro cimene agogo awo ankadalira: madzi angathe kukwera mu mwezi umene kumwamba kulibe ndi mtambo womwe, cifukwa zitseko zatsegulidwa. Ndipo damu silinathetse zigumula. Mu 1978, 2001 ndi 2008 madzi anawononga kwambiri kumunsi kwa mtsinje.

Koma dzuwa palibe analimanga, ndiponso mitsinje yothira mu Zambezi kumunsi kwa damu ikuyendabe mwakale. Revúbuè amacokera kumapiri a kwathu ku Angónia n'kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda. Mu Março 2019 anasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Chingodzi. Mu Janeiro 2022, mkuntho wa Ana utadutsa, anagumula mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize. Madzi ambiri amene anacita zimenezi anagwa kumtunda, kutali ndi anthu amene anawavutikira. Mvula imene mlimi wa mbatata ya kacewere ku Angónia amaiyamikira ndi yomweyo imene ingagwetse khoma la mbale wake wokhala kucigwa.

Apa ndi pamene ndimaona kuti phunziro la mbiri likukhudza moyo wa ana athu. Ambiri a iwo adzatsikira ku Tete kukaphunzira kapena kukafuna nchito ku migodi ya malasha ya Moatize, ndipo malo otsika mtengo omangapo nyumba nthawi zambiri amakhala m'mbali mwa mtsinje. Munthu wofika mu Setembro amaona mcenga wokhawokha, ana akusewerapo mpira, n'kuganiza kuti pamenepo madzi safika. Akuluakulu a kale sakanamanga pamalo otere. Ankadziwa kuti pali polima ndi pogona, ndipo ankafunsa pamene madzi a cigumula comaliza analekezera asanazike mzati.

Cotero pophunzitsa nyengo tisamalekeze pa kuloweza dzinja, masika, cisanu ndi cilimwe. Tiwauze ana kuti cizimalupsa ikagwa si nthawi yobzala, kuti mu Novembro mwana wopita kusukulu masana asamasowe botolo la madzi, ndiponso kuti ku Tete mtsinje uli ndi eni awiri, mitambo ya kumtunda ndi zitseko za ku Songo. Inu makolo amene muli ndi agogo okumbukira Zambezi damu lisanamangidwe, atumeni ana akawafunse mwezi umene madzi ankabwera ndi mbewu zimene ankabzala atabwerera. Mayankhowo akawalembe m'kope, tidzawawerenge pamodzi m'kalasi.