Mmene kutupa kunasinthira maganizo pa maselo a stem mwa akavalo

Kavalo wa mpikisano akavulala mtsempha wa mwendo kapena molumikizana mafupa, nthawi zambiri ntchito yake imathera pomwepo. Eni ake saumira ndalama pofuna kuti achire, ndipo n'chifukwa chake madokotala a akavalo anali m'gulu loyamba kuyesa maselo a stem pa zovulala zoterezi.

Cha m'ma 1970, Alexander Friedenstein wa ku Moscow anapeza kuti m'mafuta a m'mafupa muli maselo amene amachulukana mu labotale ndipo amatha kupanga fupa. Mu 1991, Arnold Caplan wa ku America anawatcha mesenchymal stem cells. Chiyembekezo chinali chakuti akabayidwa pamalo ovulala, maselowa asanduka mnofu watsopano, ngati njerwa zotsekera pamene khoma lagumuka. Mu 2003, Roger Smith ndi anzake a ku Royal Veterinary College ku London anafotokoza mmene anatengera maselo m'fupa la pachifuwa la kavalo, kuwachulukitsa, n'kuwabaya mu mtsempha wovulala wa kavalo yemweyo.

Zotsatira zake sizinagwirizane ndi ganizo la njerwa lija. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2010 anaonetsa kuti patatha masiku 10, maselo otsala mu mtsempha sankafika 5 pa 100 alionse. Chaka cha 2009, gulu la David Frisbie ku Colorado State University linali litabaya maselo m'mabondo a akavalo amene anayambitsidwa nyamakazi mwadala. Cartilage, kansalu kosalala kokuta nsonga za mafupa, sikanakonzeke moonekera. Chimene chinatsika ndi prostaglandin E2, chizindikiro cha kutupa, m'madzi a m'bondo. Ofufuzawo ananena mosabisa kuti umboni sunali wokwanira kulimbikitsa chithandizochi, koma chizindikiro chimodzicho chinaloza njira ina: maselowa amagwira ntchito pa kutupa.

Chodabwitsa kwambiri chinatuluka m'malabotale ofufuza chitetezo cha m'thupi. Maselowa saziziritsa kutupa mwa iwo okha. Amayamba adzutsidwa ndi mankhwala amene thupi lotupa limatulutsa, makamaka interferon gamma pamodzi ndi TNF kapena interleukin 1, kenako m'pamene amatulutsa zinthu zofooketsa maselo oyambitsa kutupa. Ndiye kuti selo lomwelo lingachite zosiyana m'bondo lotupa kumene ndi m'bondo la nyamakazi yakalekale. Caplan mwiniwake anabwerera m'mbuyo, ndipo mu 2017 anapempha kuti dzina lija lisinthidwe chifukwa linkapangitsa odwala kuyembekezera ziwalo zatsopano.

Ofufuza a ku University of Zaragoza ku Spain anayesa kudzutsiratu maselo a akavalo mu labotale asanawabaye. Mphamvu yoziziritsa kutupa inakula, koma panali vuto lake. Maselo odzutsidwawo ankaonetsa kwambiri zizindikiro za MHC, zimene thupi limazindikirira mlendo, ndipo akavalo amene analandira maselo a kavalo wina anatupa pang'ono kwa kanthawi atabayidwa kachiwiri.

Mu 2019, European Union inavomereza Arti-Cell Forte, mankhwala oyamba a ziweto opangidwa ndi maselo a stem, kenako HorStem, ochokera ku chingwe cha mchombo. Onsewa ndi othandiza kavalo wotsimphina chifukwa cha vuto la molumikizana mafupa.

Nkhaniyi imakhudzanso anthu, popeza cartilage ya bondo lakumbuyo la kavalo ndi yokhuthala pafupifupi ngati ya bondo la munthu, kusiyana ndi ya mbewa kapena kalulu. Wodwala nyamakazi akabwera atamva pa intaneti za jakisoni womeretsa bondo latsopano, wazaumoyo angamuuze kuti ngakhale mwa akavalo, amene ayesedwa kwa zaka zoposa 20, phindu lodziwika bwino ndi kuchepa kwa kutupa ndi kutsimphina.