Mbiri ya Nkhondo za Zidole, Kuyambira pa Ng'ombe za Dothi Kufikira pa Asilikali a Pulasitiki

Kumaiko a kutsidya kwa nyanja kuli amuna aakulu, ena a imvi ndi zidzukulu zomwe, amene amagula timabokosi ta asilikali a pulasitiki osalumikiza, nakhala pansi usiku ndi kampeni ndi guluu, kudula mutu wa uyu ndi kuuika pa thupi la uyo, kulanda mfuti m'dzanja la mmodzi ndi kumgwiritsa nkhwangwa ya wina, kufikira atatulutsa msilikali amene fakitale sinampangepo chiyambire. Ndipo akatha kumpaka penti amamuimika pa gome pamodzi ndi anzake, kuti akathire nkhondo gulu la mnansi wawo monga mwa malamulo olembedwa m'buku. Munthu wa kuno kwa Nyalugwe akamva zotere angathe kugwira pakamwa, nanena kuti azungu chawapengetsa ndi kukhuta. Koma asanaseke ayenera kukumbuka zimene manja ake omwe ankachita kudambo ali mnyamata, pakuti luso lotenga chinthu chimene chilipo ndi kuchisandutsa chimene mtima ukufuna ndi lakale kuno kwathu kuposa msewu wa ku Lusaka.

Chiyambi chake chinali dothi. Anyamata oweta, ziweto zikakhuta ndi kugona pamthunzi, ankakumba dothi la pachulu kapena la m'mphepete mwa mtsinje, naumba ng'ombe zamphongo za linunda lalikulu ndi nyanga zakuthwa, naziumitsa padzuwa, ochenjera nkuziwotchako pamoto kuti zilimbe; kenaka awiri ankagwira yense yake ndi kuzigundanitsa mitu, ndipo amene ng'ombe yake yathyoka nyanga ndiye wagonja, nabwerera kuchulu mwamanyazi kukaumba ina ya khosi lonenepa. Masewerawa sanali opanda tanthauzo m'dziko limene ng'ombe zinali chifukwa cha nkhondo zenizeni. Angoni a Zwangendaba, ataoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'mwezi wa Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana, anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga asanapitirire kumpoto. Pambuyo pake Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anabwerera kudera lino ndi nthungo, natenga anthu ambiri, kotero kuti adzukulu a ogonjetsawo anaiwala chilankhulo cha makolo awo nayamba kulankhula Chinsenga cha amayi awo. Ufumu wa nthungowo unatha mu 1898, pamene asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni, napha Nsingo mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Kumunsi kuchigwa cha Luangwa, kumene kashembe salola ng'ombe kuchuluka, mwana ankaumba zimene maso ake ankaona, njati, njovu ndi mvuu, koma lamulo la masewera linali lomwelo.

Akuluakulu nawo anali ndi nkhondo yawo yokhala pansi, ndiyo nsolo: mizere inayi ya maenje okumbidwa pabwalo, timiyala m'malo mwa ankhondo, ndi amuna awiri oyang'anizana amene akudyerana miyala dzuwa kufikira kupendeka, oonerera ali kutsutsana pambali. Yense amene anaonapo nkhalamba ikuwerenga maenje ndi maso, osasuntha chala kufikira itaona mathero a ulendo wonse, adziwa kuti nkhondo ya pagome sinabwere ndi sitima.

Tsono tiyeni tione za ku Ulaya. Mu 1812 mkulu wina wa ku Prussia, Georg Leopold von Reisswitz, anapereka kwa mfumu yake gome la masewera a nkhondo; ndipo mu 1824 mwana wake, amene anali msilikali wa mizinga, anakonzanso masewerawo kuti azichitika pa mapu enieni, timiyala tachitsulo tofiira ndi tobiriwira ngati mtambo tikuimira magulu a nkhondo, madayisi akuimira mwayi ndi tsoka, ndi woweruza wokhala pakati amene yekha ankadziwa zonse zimene mbali ziwirizo zabisirana. Akuluakulu a asilikali anaona kuti ichi nchophunzitsira nkhondo, nalamula kuti chifalitsidwe m'magulu awo. Ndipo Prussia itagonjetsa France mu nkhondo ya 1870, maiko ena anathamangira kutengera. Asilikali a zidole amene ana a anthu wamba akanatha kugula anachuluka kuyambira 1893, pamene kampani ya William Britain ku London inapeza njira yothira mtovu m'chikombole ndi kukhuthula wapakati usanaume, kuti chidole chikhale champhako m'kati, chopepuka ndi chotsika mtengo. Mlembi wotchuka H. G. Wells anasindikiza mu 1913 buku lotchedwa Little Wars, momwe anaika malamulo omenyera nkhondo pansi m'nyumba ndi timizinga ta sipuling'i toponya timitengo, ali ndi chikhulupiriro chakuti munthu wolawa chisokonezo cha nkhondo yaing'ono adzanyansidwa nayo yaikulu. Chakudza sichiimba ng'oma: chaka chotsatira nkhondo yaikuluyo inabuka, ndipo inafika ndi kuno komwe, pakuti amuna a m'midzi yathu anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali kunka kumalire a kumpoto, kufikira mkulu wa Ajeremani von Lettow-Vorbeck anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918.

Chimene chinasintha manja a ana a kuno ndi msewu. Mlatho woyamba wa pa Luangwa utamangidwa mu 1932, malole anayamba kudutsa pa Nyimba ndi pafupi ndi Petauke kunka ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, ndipo mnyamata amene atate ake ankaumba ng'ombe anaima m'mbali mwa msewu, naona chilombo chatsopano chobangula, nachikhumbira. Poyamba anachipanga ndi mapesi, kusenda khungu lake kukhala misomali ndi kudula mtima wake wofewa kukhala matabwa; koma waya atayamba kupezeka, wa m'mipanda, womangira mabelo ndi wotsala m'magalaja, kunabadwa galimoto ya waya, imene ine ndiyesa kuti ndiyo nsonga ya luso lonseli. Taonani ntchito yake. Waya wokhuthala amawongoledwa pamwala ndi kupindidwa kukhala mafupa a galimoto, wopyapyala kapena mphira wodulidwa ku chubu chakale cha njinga nkumangira mfundo zake. Matayala amachokera ku zitini za polishi wa nsapato, ku zitsekerero za mabotolo, kapena ku patapata wakutha wodulidwa mozungulira. Ndipo pamwamba pa zonse pali chiwongolero chachitali chofika m'chiuno mwa mwini wake, cholumikizidwa ndi matayala akutsogolo mwanzeru kotero kuti akapotoza dzanja galimoto imakhotadi. Palibe anampatsa mwanayo chithunzi kapena muyeso. Anayang'ana basi ndi lole zikudutsa, nasunga maonekedwe ake m'mutu, nadziwa kusiyanitsa mphuno ya Bedford ndi ya Land Rover. Ndipo mbale wake akaiponda galimotoyo, iye sankalira nthawi yaitali, koma ankaimasula ndi kuisandutsa thirakitala kapena ndege, monga woumba mbiya uja amene mneneri Yeremiya anamuona akuumbanso chotengera china ndi dothi la chimene chinawonongeka m'dzanja lake. Mbiri ya zidolezi inamveka ndi kunja komwe, pakuti mu 1990 mayi wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo ku Malawi, analemba buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wofunafuna waya m'mudzi monse.

Pamene msewu unali kusintha manja a ana a kuno, ku Mangalande kunali kubadwa pulasitiki ya zidole. Kampani ya Airfix, imene inayambitsidwa ndi Nicholas Kove mu 1939, inayamba mu 1952 kugulitsa m'masitolo a Woolworths kachombo ka Golden Hind kali zidutswazidutswa m'kathumba, pa mtengo wa mashereni awiri, kuti wogula akalumikize yekha kunyumba. Ndege ya Spitfire inatsatira mu 1953, ndipo pambuyo pake kunadza akasinja ndi timabokosi ta asilikali ang'onoang'ono. Koma popeza fakitale sikanatha kupanga msilikali wa mtundu uliwonse ndi nkhondo iliyonse, okonda masewerawa, amene anachuluka Donald Featherstone atatulutsa buku lake la War Games mu 1962, anayamba kudula mitu ndi kuisinthanitsa, kuilumikiza ndi kaphini, ndi kuumba zipewa ndi zikhoto zimene zinasowa. Opanga mafilimu anatola nzeru yomweyo: zombo za m'mlengalenga za mu Star Wars ya 1977 zinakutidwa ndi tizidutswa totengedwa m'mabokosi a akasinja, ndege ndi magalimoto, kotero kuti chimene woonera ankayesa makina odabwitsa a dziko lakutali chinali mwina chitseko cha kasinja wa Ajeremani chomatidwa chadodolido.

Amene anasandutsa zimenezi malonda aakulu ndi kampani ya Games Workshop, imene anyamata atatu, John Peake, Ian Livingstone ndi Steve Jackson, anaiyambitsa ku London mu 1975, ndipo lero likulu lake lili ku Nottingham. Masewera awo a Warhammer anatuluka mu 1983, ndi Warhammer 40,000 mu 1987. Asilikali ake, otalika ngati mamilimita 28 kapena kupitirirako pang'ono, amadza ali pa kafelemu ka pulasitiki, miyendo payokha, mikono payokha, mitu yambiri yoti munthu asankhepo. Ndipo zotsala sizitayidwa, koma zimasungidwa m'kabokosi kufikira tsiku limene zidzafunika. Wosintha chidole amadula chiwalo ndi mpeni wakuthwa kapena kasowo, nasalaza podulapo ndi tupa, nayesa kaye ngati mkono ukukhala bwino asanathire guluu. Guluu wa pulasitiki amasungunula mbali ziwirizo pang'ono kuti ziume zili thupi limodzi, koma polumikiza chitsulo ndi pulasitiki pafunika supaguluu, ndipo pamene chiwalo nʼcholemera amaboola mbali zonse ziwiri ndi kulowetsamo kawaya kuti chisagwe. Mipata yotsala amaitseka ndi phala lomata la mitundu iwiri, lachikasu ndi labuluu, limene likakandidwa pamodzi limasanduka lobiriwira ndi kuuma patapita maola angapo, ndipo ndi lomwelo amaumbira ubweya, malamba ndi ndevu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Wothamanga amamata mkono chagada, kapena kudzicheka chala. Ndipo pofuna kuti asatinamize kuti luso lawo nlosiyana ndi la ana athu, tikumbuke kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene kampaniyo inalibe magalimoto ankhondo okwanira ogulitsa, Rick Priestley, mlembi wa malamulo a masewerawo, anaonetsa owerenga kasinja wouluka amene anampanga ndi botolo lotha la mafuta onunkhiritsa m'khwapa.

Pulasitiki inafika ndi kwathu kuno, koma inadzera makomo awiri. Khomo loyamba ndi la zinyalala, ndipo limeneli linadalitsa ana: katoni ya Chibuku inasanduka lole, botolo la maheu linasanduka basi, mapepala a pulasitiki okulungidwa ndi kumangidwa ndi luzi anasanduka mpira, ndipo zitsekerero za mabotolo, zina zoyang'ana kumwamba zina zovundikira, zinasanduka magulu awiri ankhondo pa thabwa la drafuti limene mudzalipeza pansi pa mtengo pamsika uliwonse kuyambira pa Luangwa kufikira ku Chipata. Khomo lachiwiri ndi la sitolo, kumene kumachokera timagalimoto ndi timfuti totsika mtengo, tonyezimira tsiku logula, timene tikathyoka sitimatika, sitimangika, ndipo sitiphunzitsa mwana kanthu koma kupempha china. Pamenepa ndi pamene ine ndiona kutayika, pakuti mzungu wa ku Nottingham, ngakhale amalipira ndalama zambiri pa bokosi limodzi, amagula ntchito yoti manja ake agwire, pamene ife tikugulira ana athu chinthu chotha kale ndi kuwalanda ntchito imene anali nayo kwaulere. Mmera mpoyamba. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anasiya sukulu pa njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina a mphepo opatsa magetsi ndi njinga yakutha, chokupizira cha thirakitala ndi mapaipi a pulasitiki, anali atazolowera kale kuyang'ana pa dzala ndi kuonapo zipangizo.

Chifukwa chake ndikupemphani inu makolo ndi aphunzitsi a kwa Nyalugwe, kwa Ndake, kwa Luembe, kwa Mwape ndi m'dziko lonse la Kalindawalo, kuti mukaona mwana akutola waya ndi zitini musamkalipire kuti akudzaza nyumba ndi zinyalala, koma mumuuze waya amene ali wololedwa kutenga ndi mpanda umene sayenera kuukhudza, mumbwereke mpeni ndi kumuonetsa kagwiridwe kake, ndipo pa tsiku lotsekera sukulu muike gome pabwalo pamene ana adzaonetsa zimene apanga ndi manja awo.