Chithunzi Chimene Tinatumiza ku Nyenyezi

Pamene muwerenga izi pa foni yanu, kuli mawu a Chinyanja amene ali pa ulendo wakutali kuposa kulikonse kumene munthu anafikako. Mawuwo ali pa mbale ya kopa yokutidwa na golide, yomangidwa ku chombo chotchedwa Voyager 1, chimene dziko la America linaponya kumwamba pa 5 September 1977. Manje chombocho chili pa mtunda wa makilomita oposa 24 biliyoni kuchoka kuno. Pa mbaleyo pali moni m'zitundu 55, ndipo ziwiri mwa izo ni zakwathu: Chinyanja na Chiila. Moni wa Chinyanja ufunsa anthu a kumwamba kuti ali bwanji, monga mmene tifunsirana tikakumana pa stesheni ya basi.

Koma amene anakonza mbaleyo anadziwa kuti mawu okha sangakwane. Mlendo amene sanamvepo chitundu chilichonse cha anthu angadziwe bwanji kuti phokosolo ni moni? N'chifukwa chake anaikaponso zithunzi zoposa 100. Sanayambe ndiwo kudalira chithunzi. Mbiri yonse ya maulendo a kumwamba ionetsa kuti wojambula ndiye anali kutsogola, ndipo roketi inali kubwera pambuyo.

Wojambula anafika poyamba

Mu May 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikali mkati, magazini ya Life inasindikiza zithunzi za Chesley Bonestell. Munthu uyu anaphunzira za mapulani a nyumba, anagwirako nchito pa zojambula za mlatho wa Golden Gate, kenako anapita ku Hollywood kukapenta malo abodza oonetsa kumbuyo kwa ochita mafilimu. Luso limenelo analitengera ku mapulaneti. Chithunzi chake chotchuka chionetsa Saturn na mphete zake, monga mmene ungaionere utaimirira pa Titan, mwezi wake waukulu. Pansi pali miyala na chipale, kumwamba kuli bii mwa buluu. Owerenga anachiona monga pikicha yokopedwa na kamera, pamene panthawiyo kunalibe olo chinthu chimodzi chopangidwa na munthu chozungulira dziko.

Kuyambira mu March 1952 mpaka 1954, magazini ina, Collier's, inatulutsa nkhani zotsatizana zokamba kuti munthu adzafika kumwamba posachedwa. Masamu anali a Wernher von Braun, zithunzi zinali za Bonestell na anzake: maroketi a mapiko, na stesheni yooneka monga gudumu lalikulu lozungulira mumlengalenga. Anthu wamba sanawerenge masamu, anayang'ana zithunzi. Ndipo anthu wambawo ndiwo anali kulipira msonkho umene pambuyo pake unamanga maroketi a Apollo.

Zithunzi zimenezi zinalakwitsa zambiri. Mapiri a pa mwezi Bonestell anawapenta osongoka monga mano a sowo, koma amene anakafikako anapeza kuti ni osalala. Titan nayo ilibe thambo la buluu: Voyager 1 itadutsako mu 1980 inapeza kuti yakutidwa na nkhungu yochindikala ya mtundu wa olenji, moti utaimirira pansi pake Saturn siungaione bwino. Ndipo panali chinanso chimene mapeji okongola aja sanaonetse. Von Braun yemweyo ndiye anatsogolera nchito ya roketi ya V-2 ya chipani cha Nazi ku Germany, imene inali kupangidwa na akaidi ogwiritsidwa nchito ya ukapolo, ndipo masauzande a iwo anafera pa nchitoyo. Chithunzi chimakopa mtima, komanso chimasankha choonetsa na chobisa.

Kamera itafika ku Lusaka

Ife a ku Zambia tidziwa bwino mphamvu imeneyi, chifukwa inatigwera. Mu 1964, chaka cha ufulu wathu, atolankhani akunja anapeza Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi, msilikali wakale wa nkhondo yachiwiri komanso womenyera ufulu mu UNIP, aphunzitsa achinyamata pa famu ina kufupi na Lusaka kuti akapite ku mwezi na ku Mars. Anali kuwagubuduza m'dramu la mafuta kutsika pa phiri na kuwapeyutsa pa chingwe. Anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma sanapatsidwe.

Chimene dziko linasunga ni filimu ya dramu lija. Bonestell atapenta maloto ake, anthu anati ni masomphenya. Nkoloso atachita maloto ake pamaso pa kamera, anthu anaseka. Kusiyana kwa ndalama na zipangizo kunalipodi, sitingakane. Koma panalinso kusiyana kwa amene anagwira kamera. Patapita zaka pafupifupi 50, nkhaniyi inajambulidwanso mwatsopano: Cristina de Middel wa ku Spain anatulutsa buku la zithunzi la The Afronauts mu 2012, Nuotama Bodomo wa ku Ghana anapanga filimu yaifupi mu 2014, ndipo Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka, anaika Nkoloso m'buku lake la The Old Drift mu 2019. Mdala ni mmodzimodzi, dramu ni limodzimodzi, koma manje achinyamata ambiri amuona monga munthu amene anakana kuti kumwamba kukhale kwa mitundu iwiri chabe.

Dziko lozondoka

Pamene anthu anafikadi kumwamba, chithunzi chimene chinagwedeza mitima sichinali cha mwezi, chinali cha kwathu. Pa 24 December 1968, William Anders wa mu Apollo 8 anakopa dziko likutulukira kuseri kwa mwezi. Pa 7 December 1972, a mu Apollo 17 anakopa dziko lonse lathunthu, lowala, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 29,000. Chithunzicho chitchedwa Blue Marble, ndipo mukachiyang'ana bwino mudzaona kuti pakati pake pali Africa, Madagascar ili pambali, chipale cha Antarctica chili pansi. Zambia ilimo, pansi pa mitambo ya dzinja.

Chosangalatsa n'chakuti pa filimu yeniyeni, kum'mwera kunali pamwamba. Anachita kuchitembenuza kuti chigwirizane na mapu amene anthu anazolowera. Kumwamba kulibe mutu na miyendo, ndife anthu tinagwirizana kuti kumpoto kuzikhala pamwamba.

Mwamuna, mkazi na muvi

Chaka chomwecho cha 1972, chombo cha Pioneer 10 chinanyamuka na kalata yoyamba yojambula yopita kunja kwa dera la dzuwa lathu. Ni kachitsulo ka aluminiyamu ka masentimita pafupifupi 23 m'litali na 15 m'lifupi. Carl Sagan na Frank Drake anakonza uthengawo m'mawiki atatu chabe, ndipo Linda Salzman Sagan ndiye anajambula anthu. Pali mwamuna na mkazi osavala, ataimirira kutsogolo kwa chithunzi cha chombocho kuti woona adziwe kutalika kwathu. Mwamuna wakweza dzanja. Pali mizere 14 yochoka pamalo amodzi, yoonetsa kumene dzuwa lili poyerekeza na nyenyezi zina zimene zimaphethira pa liwiro lodziwika. Pansi pali mapulaneti pa mzere, na muvi wochoka pa pulaneti yachitatu.

Alendo a kumwamba sanayankhe, koma anthu a pansi anayankha msanga. Ena anakalipa kuti boma latumiza zamaliseche ku nyenyezi. Azimayi ena anafunsa chifukwa chake mwamuna yekha ndiye apereka moni, mkazi angoimirira manja ali pansi. Ena anaona kuti olo kuti cholinga chinali kuimira mitundu yonse, anthu awiriwo anatuluka ooneka monga azungu. Katswiri wa mbiri ya zojambula, Ernst Gombrich, anafunsa za muvi: ife timamva kuti muvi utanthauza "pita uku" chifukwa makolo athu anali alenje. Nanga cholengedwa chimene sichinagwirepo uta?

Funso la Gombrich tingaliyese konkuno. Pa miyala ya Mwela ku Kasama na m'phanga la Nachikufu kufupi na Mpika muli zojambula zofiira za anthu akale: mizere, madontho, tumabwalo tina mkati mwa tinzake. Anazijambula ni anthu monga ife, a maso awiri na zala zisanu, okhala pa nthaka yomweyi. Koma akatswiri akali kukangana pa tanthauzo la zambiri mwa izo. Ngati uthenga wa agogo athu utivuta chonchi, kuli bwanji mlendo wa ku nyenyezi ina? Chithunzi si chitundu cha aliyense mwachibadwa. Chimafuna kuphunzira monga Chibemba olo Chitonga, ndipo chimanyamula miyambo ya amene anachijambula.

Pokonza mbale ya Voyager mu 1977, gulu la Sagan linayesa kukulitsa chithunzi cha munthu. Anaikamo anthu a makontinenti osiyanasiyana, akudya, akumanga nyumba, akuyamwitsa ana. Koma NASA inakana pikicha ya mwamuna na mkazi wapakati osavala, ndiye panapita chithunzithunzi chakuda chabe. Ndipo gululo linasankha dala kusaika zithunzi za nkhondo, njala na matenda. Tinachita monga banja loyembekezera alendo: kusesa pabwalo, zinyalala n'kuzikankhira kuseri kwa nyumba.

Voyager 1 inatuluka m'dera la mphepo ya dzuwa mu 2012, ndipo mbale yake ikhoza kukhalapo kwa zaka mamiliyoni ambiri, mwina kuposa mizinda yathu yonse. Sitingaibwezenso kuti tikonze. Koma zithunzi za mawa zikali kujambulidwa, m'mafilimu, m'magemu, pa zikwangwani za Cairo Road na m'makompyuta amene manje apanga zithunzi potengera zimene anadyetsedwa. Mu 1964 kamera inali m'manja mwa mlendo. Lero pafupifupi aliyense wa ife ali nayo m'thumba, ndipo ena pakati pathu adziwa kupenta, kupanga makatuni na kusoka zovala. Ngati mwana wa ku Matero olo ku Chipata afuna kuona munthu wofanana naye ataimirira pa mwezi, pafunika wina amujambule poyamba, monga mmene Bonestell anachitira kwa ana a ku America zaka 25 Apollo 11 isanatere.