Mbiri ya Mtengo wa Mango ku Machinga ndi ku Balaka

Anthu ambiri amayesa kuti mango ndi mtengo wachilengedwe wa dziko lino monga masuku ndi malambe, koma si choncho ayi. Kwawo kwa mango ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Kuchokera kumeneko, amalonda apanyanja ndiwo anafika nawo kugombe la kuvuma kwa Africa zaka mazanamazana zapitazo.

Amene anathandiza kwambiri kuloŵetsa mtengowu kumtunda kuno ndi Ayao. Iwo ankayenda ulendo wa miyezi kupita ku Kilwa atasenza minyanga ya njovu, ndiponso, chomvetsa chisoni, akukusa akapolo. Pobwerako ankatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi mbewu zachilendo. Yohanna Abdallah, m'buku lake la mbiri ya Ayao la mu 1919, anafotokoza kuti mfumu Mataka yoyamba inabzala mango kumudzi kwake pofuna kuti kufanane ndi kugombe. Mudziwo, umene David Livingstone anafikako mu 1866, unkatchedwa Mwembe, dzina lotanthauza mtengo wa mango m'Chiswahili.

Cha m'zaka za m'ma 1860, Ayao a mtundu wa Amachinga anasamukira m'dziko lino. Kawinga anakhazikika kuphiri la Chikala, pamene Liwonde anamanga mudzi pafupi ndi mtsinje wa Shire. M'njira zawo zamalonda ndi m'midzi yawo yatsopano, mango anayamba kufala. Ndi chifukwa chake mitengo ikuluikulu ya mango yopezeka patchire kaŵirikaŵiri imasonyeza pamene panali mudzi wakale.

Azungu nawonso anadza ndi zipatso zakwawo monga mapichesi ndi maplamu. Koma mitengo imeneyi imafuna miyezi yozizira kwambiri kuti ichite maluŵa. Motero inakonda mapiri a Dedza ndi Ntcheu, osati chigwa chotentha cha Shire. Mango ndiwo anagwirizana ndi nyengo ya ku Balaka ndi Machinga, pakuti mizu yake imazama ndipo amafuna chilimwe chouma kuti abereke bwino.

Phindu la mtengowu limaoneka kuyambira Novembala mpaka Januwale. Iyi ndi nthaŵi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitagwa, chimanga chili chaching'ono m'munda. Maŵanja ambiri amapulumukira mango, ena kudya akupsa, ena kuphika aaŵisi, enanso kugulitsa m'mbali mwa msewu wa Liwonde ndi Balaka kuti apeze ya ufa ndi mchere.

Ngakhale zili choncho, mitengo yakale ikutha. Anthu akuidula kuti aotchere njerwa, atenthe makala kapena acheke matabwa, koma obzala ina ndi ochepa. Chonsecho kusamala mango si kovuta. Mlimi akumbe dzenje lalikulu, athiremo manyowa, abzale mvula ikayamba, amange mpanda woteteza mbuzi, ndipo azithirira m'chilimwe pa zaka ziŵiri zoyamba. Mtengo womera kumbewu umatenga zaka zisanu kapena kuposerapo usanabereke, pamene womezanitsa umayamba pa zaka zitatu.

Mango a boloma ndi dodo amene ana akudya lero anabzalidwa ndi agogo amene ena mwa iwo sanalaŵe n'komwe zipatso zake. Ngati mbadwo uno udzangodula osabzala, ana a maŵa adzasoŵa chogwira m'mimba m'miyezi ya njala.