Kumanga nyumba pamtsetse: zofunika kudziwa maziko asanakumbidwe

M'maboma a Tsangano ndi Macanga malo athyathyathya ndi osowa. Ochepa amene alipo ndi minda ya mbatatesi, chimanga, tirigu ndi fodya, ena ndi madambo. Choncho mlimi akagulitsa zokolola n'kuganiza zomanga nyumba ya malata, kawirikawiri malo amawapeza pamtsetse. Malo otere si oipa, koma nyumba ikaikidwa molakwika imazizira mu Juni, imatentha mu Okutobala, imatha nkhuni, ndipo khoma lakumtunda limanyowa dzinja lililonse. Njira zambiri zopewera mavutowa sizilira ndalama. Chofunika n'kuziganizira chingwe cha maziko chisanakokedwe.

Kusankha malo

Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku umatsetserekera kudambo, kumene chisanu chimayambira kugwa. Pamwamba penipeni pa chitunda napo pamawomba mphepo ya mwera. Malo abwino ndi apakatikati, makamaka mbali ya phiri yoyang'ana kumpoto, chifukwa ndi imene imalandira dzuwa lambiri m'miyezi yozizira.

Malo ena ndi osayenera kumangapo n'komwe: m'mbali mwa khwawa, kunsi kwa miyala ikuluikulu, pamene nthaka ili ndi ming'alu, mitengo inapendekeka, kapena madzi amatumphuka mvula ikagwa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche ku Blantyre n'kukwirira nyumba zambiri zomangidwa m'mphepete mwake. Akuluakulu a m'mudzi amadziwa njira zakale za madzi, ndipo ndi bwino kuwafunsa.

Kuyeza kutsetsereka

Pamafunika zikhomo ziwiri, chingwe cha mamita 10 ndi payipi yoonekera mkati yodzaza madzi. Madzi amaima molingana kumapeto onse awiri a payipi, motero amasonyeza kuti nthaka yatsika bwanji. Ngati pa mamita 10 yatsika mita imodzi, nyumba ya mamita 10 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi ikagona mopingasa mtsetse imasiyana masentimita 60 okha pakati pa khoma lakumtunda ndi lakumunsi. Ikalunjika kumunsi imasiyana mita yathunthu, ndipo zimenezi ndi njerwa, miyala ndi simenti zoonjezera. Nyumba igone mopingasa, monga momwe mizere ya m'munda imagonera.

Maziko ndi madzi

Posalaza malo, anthu amadula nthaka kumtunda n'kuithira kumunsi. Vuto limayambira apa. Dothi lothira limatitimira pang'onopang'ono ngakhale litsenderedwe, ndipo khoma lokhala pamenepo limang'ambika. Maziko onse afike pa nthaka yolimba imene sinakumbidwepo. Pamtsetse amakumbidwa ngati masitepe, sitepe iliyonse yosalala pansi pake.

Khoma lakumbuyo lisagunde chigumula chodulidwacho. Pakhale mpata wosachepera mita imodzi. Chigumulacho chimangidwe ndi miyala, ndi timipata totulukira madzi, chifukwa khoma lotseka madzi limakankhidwa n'kugwa. Kumtunda kwake kukumbidwe mgula wopatutsira madzi kumbali, ndipo m'mphepete mwa mgulawo mubzalidwe udzu wa vetiva. Pakati pa maziko ndi mzere woyamba wa njerwa payalidwe pepala lakuda la pulasitiki kuti chinyezi chisakwere. Khoma lonyowa limazizira kuposa louma, ndipo limachititsa nkhungu m'nyumba.

Denga nalo limasonkhanitsa madzi ambiri. Mvula ya mamilimita 20 pa denga la mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi imapereka malita 1,000. Madzi amenewa akagwera m'thanki amathandiza pakhomo, koma akangosiyidwa amakumba maziko akumunsi.

Dzuwa ndi mazenera

Ku Tsangano ndi ku Furancungo dzuwa la masana limapendekera kumpoto mu Juni ndi Julayi, pamene chakumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale limadutsa pamutu penipeni. Nyumba yoganiziridwa bwino imagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku. Mazenera akuluakulu a pabalaza ndi a zipinda zogona ayang'ane kumpoto, ndipo denga lituluke masentimita pafupifupi 60. Masana a mu Juni mthunzi wa denga lotere umatsika masentimita osakwana 80 pakhoma, choncho dzuwa limalowa pazenera n'kufunditsa pansi. Mu Okutobala mthunzi womwewo umaphimba khoma lonse.

Kumadzulo mazenera akhale aang'ono kapena kukhale khonde, pakuti dzuwa la chilimwe likapendeka limalasa molunjika. Mbali ya kummwera chakummawa, kochokera mphepo yozizira, kuikidwe chipinda chosungira katundu, ndipo panja pabzalidwe mitengo yotchinga. Ngati mtsetse ndi dzuwa zikutsutsana, mtsetse ndiwo uyambe kumveredwa, kenaka mazenera aikidwe pakhoma limene layandikira kumpoto.

Makoma, denga ndi moto

Makoma okhuthala a zidina kapena a mdindo amasunga kutentha kwa masana n'kukutulutsa usiku, ndipo safuna nkhuni zowotchera monga njerwa za mu uvuni. Chawo ndi maziko okwera a miyala, denga lotuluka bwino ndi pulasitala. Malata paokha satchinga kutentha kapena kuzizira. Siling'i ya nsungwi, bango kapena mphasa imasintha nyumba kwambiri pamtengo wochepa.

Khitchini ikhale ndi mbaula yosunga nkhuni komanso potulukira utsi. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji: mpweya wa makala sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo. Kumene magetsi a EDM sanafike, sola iikidwe moyang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono, madigiri pafupifupi 15, pamalo opanda mthunzi wa mtengo. Chigafa cha fodya chitalikirane ndi nyumba poopa moto, ndipo chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30.

Za malo ndi chilolezo

Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ya Mozambique ndi ya Boma, ndipo munthu amakhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, wotchedwa DUAT. Lamulolo limavomerezanso malo opezedwa motsata mwambo. Ofuna kumanga pa likulu la boma, monga ku Furancungo, ayambe afika ku ofesi yoona za mapulani ndi zomangamanga, SDPI. Kumidzi, malire agwirizanidwe pamaso pa amfumu ndi oyandikana nawo, makamaka a kumunsi, chifukwa madzi opatutsidwa pa nyumba yatsopano amathera pakhomo pa wina.